Mukaganiza kuti achipatala anakulakwirani: zoti muchite, kuyambira muwodi mpaka kukhoti

Ku Malawi kuno munthu akavulala kapena kumwalira m'manja mwa achipatala, mabanja ambiri amangoti "zinalembedwa", n'kunyamula maliro ulendo wa kumudzi. Ena amapsa mtima, amalalatira anamwino pakhonde la wodi, koma pakatha mwezi mkwiyo uja umazirala popanda chogwirika. Konsekonse banja limatsala lisakudziwa chimene chinachitika, ndipo mawa lake pabedi lomwelo pagona wodwala wina.

Nkhani ya kunyozera odwala si mphekesera ayi. Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, yofufuza madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, nthawi imeneyo ikutsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb itafufuza madandaulo oti amayi ena ankachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma chifukwa chosasamalidwa bwino pochira. Malamulo athu amalola munthu wolakwiridwa chotero kufunsa mafunso, kudandaula ndiponso kusuma. Koma amathandiza munthu amene wasunga mapepala ndipo sanachedwe, ndiye zambiri zimene zidzagamule mlandu wanu zimachitika m'masiku oyambirira, mtima ukadali wowawa.

Choyamba, wodwalayo apulumuke kaye

Ngati wodwala ali moyo, mlandu udikire. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pochira akayamba kutentha thupi, mimba kutupa, bala kutuluka mafinya kapena kumaliseche kutuluka zonunkha, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Amene mwamupeza akakubwezani, pemphani kuonana ndi wamkulu wa wodiyo kapena dokotala wamkulu, ndipo ngati simukukhutira pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Musathawitse wodwala usiku kapena kumusiyitsa mankhwala chifukwa cha mkwiyo. Mukatero muika moyo wake pachiswe, komanso tsiku lina achipatala adzanena kuti chinamupweteka ndi kuthawako.

Chachiwiri, lembani zonse ndipo sungani kapepala kalikonse

Mboni yaikulu pa milandu yotere kawirikawiri amakhala gadiyani, amene anagona pansi pambali pa bedi n'kuona zonse. Gadiyaniyo apeze kope, alembe zimene akukumbukira zisanasokonekere m'mutu. Ngati salemba, afotokozere wina amulembere, kapena adzijambule mawu pafoni.

Chofunika kwambiri ndi nthawi. Munafika pageti nthawi yanji? Namwino anamuona koyamba nthawi yanji? Munakagogoda kangati, ndipo anakuyankhani chiyani? Dokotala anaitanidwa liti, nanga anafika liti? Anamulowetsa kufiyeta nthawi yanji? Milandu yambiri ya uchembere imagona pa maola amene anadutsa pakati pa chizindikiro choopsa ndi thandizo. Ngati munalibe wotchi, onani mufoni: nthawi imene munaimbira achibale kuwauza kuti zinthu zavuta imatsalamo. Musadandaule ngati simukudziwa dzina la namwinoyo, chifukwa chipatala chimakhala ndi ndandanda ya amene anali pantchito tsiku lililonse. Mawu amene munauzidwa alembeni monga momwe anatulukira, osawonjezera mchere. Bodza limodzi likagwidwa pofunsidwa mafunso kukhoti, zoona zanu zonse zimakayikiridwa nazo. Tenganinso nambala za foni za magadiyani anzanu a mabedi oyandikana, chifukwa akatuluka simudzawapezanso.

Buku la kuchipatala lisachoke m'manja mwanu. Jambulani tsamba lililonse pafoni, mutumizenso zithunzizo kwa m'bale wina kuti foni ikatayika zisapite nazo. Wina akalipempha kuti akalione kuofesi, mupatseni fotokope. Chitani chimodzimodzi ndi zotsatira za magazi, zithunzi za X-ray ndi za sikani, timapepala ta mankhwala, ndi malisiti onse: a kufamase, a galimoto ya hayala, a chipatala cholipira kumene munakamalizira. Bala lijambuleni masiku osiyanasiyana, koma odwala ena asaoneke pachithunzicho. Ngati pa opaleshoni yachiwiri atulutsa thonje kapena kachitsulo kamene kanaiwalika m'mimba, pemphani dokotala amene wachitulutsayo alembe zimenezo m'buku mwanu.

Kenako pemphani fayilo. Buku lanu lija limangonena mwachidule, nkhani yonse ili m'fayilo imene imatsala kuchipatala: zolemba za madokotala ndi anamwino, tchati cha mankhwala, lipoti la opaleshoni, fomu imene munasaina, ndiponso kwa amayi oyembekezera patogirafu, pepala limene azamba amalembapo mmene matenda akuyendera ndi kagundidwe ka mtima wa mwana. Lembani kalata kwa mkulu wa chipatala. Ngati ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu kapena chipatala chaching'ono cha kumudzi, lemberani mkulu wa zaumoyo kukhonsolo, amene ambiri timamutchulabe DHO. Kalatayo ikhale ndi dzina la wodwala, wodi, tsiku logonekedwa ndi lotuluka. Pitani ndi makalata awiri ofanana, imodzi akudindireni chidindo ndi deti, mubwerere nayo. Lamulo la Access to Information la 2017, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakupatsani poyambira akamakuzengerezani. Fulumirani ndithu. Mafayilo athu ambiri ndi a mapepala, amaunjikidwa m'zipinda zothina, ndipo amasowa ngakhale popanda wowabisa.

Chachitatu, ngati munthu wamwalira

Apa ndiye povuta. Uthenga wapita kale kumudzi, adzukulu akukonzekera, amalume akuti thupi lisachedwe, ndipo mawu oti "akamung'ambe" palibe amene akufuna kuwamva. Ululu umenewo ndi womveka. Komabe popanda kupima thupi, n'kovuta kwambiri kutsimikizira chimene chinapha munthu, ndipo achipatala akadzati anafa ndi matenda amene anabwera nawo, mudzasowa poyankhira. Kufukula maliro pambuyo pake kumafuna chilolezo, kumadula, ndiponso kumapweteka banja koposa.

Choncho mwinimbumba ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu akhale pansi tsiku lomwelo agwirizane. Mukasankha kupimitsa, uzani a kumochale kuti asabaye thupilo mankhwala oumitsa, chifukwa mankhwalawo amasokoneza zina mwa zimene opima amafufuza. Imfa yokayikitsa mukhoza kukainena kupolisi, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yopempha kuti thupi lipimidwe. Ngati n'kotheka, wopimayo asakhale wa chipatala chimene mukuchidandaulacho, ndipo mupemphe lipoti lolembedwa. Akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno, kotero konzekerani kuti maliro angachedwe ndi tsiku kapena masiku angapo. Dziwaninso kuti imfa ya mayi woyembekezera kapena wongochira kumene imayenera kuunikidwa ndi achipatala eni ake. Funsani ngati kuunikako kwachitika, ndipo funsolo likhale m'kalata.

Chachinayi, yezani nkhani yanu mosadzinyenga

Sikuti aliyense womwalira m'chipatala wanyozeredwa. Pali matenda amene amapha ngakhale dokotala atachita zonse, ndipo opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi zake. Mwano wa namwino ndi wolakwika ndipo ndi woyenera kuudandaula, koma pawokha sumabweretsa chipukuta misozi. Khoti limafuna muonetse zinthu zinayi: kuti achipatala anali ndi udindo wokusamalani, kuti chisamaliro chawo chinaperewera, kuti mwavulala kapena kutaya kanthu, ndiponso kuti kuvulalako kunabwera chifukwa cha kupereweraku. Choyambacho sichivuta, pakuti akangokulandirani ngati wodwala udindo wayamba, kaya mwalipira kaya ndi chipatala chaulere.

Pa kuperewera, makhoti athu amatsata mfundo zimene tinatengera ku malamulo a ku England, makamaka mlandu wa Bolam wa 1957. Mfundo yake ndi yakuti dokotala sanalakwe ngati wachita zimene gulu la madokotala anzake odziwa ntchito ndi osamala likanachita pa vuto lomwelo. Sayerekezedwa ndi katswiri woposa onse padziko. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mudzafunika dokotala wina woti awerenge fayilo n'kunena poyera kuti apa panalakwika. Kumupeza si masewera, chifukwa madokotala kuno ndi ochepa, ambiri anaphunzira limodzi ndipo amadziwana. Loya wozolowera milanduyi amadziwa kogogoda.

Pamene milandu yambiri imagwera ndi pa mfundo yomaliza ija. Ku London, m'mawa wa pa 1 January 1966, alonda atatu anapita kuchipatala akusanza atamwa tiyi. Dokotala amene anali pantchito sanabwere kudzawaona, anangouza namwino pafoni kuti apite kwawo akaonane ndi madokotala awo. Mmodzi wa iwo, bambo Barnett, anamwalira tsiku lomwelo ndi poizoni wa arsenic amene anali mutiyimo. Khoti linavomereza kuti dokotalayo analakwa, koma mkazi wamasiyeyo sanapatsidwe kanthu, chifukwa umboni unasonyeza kuti ngakhale akanamugoneka, mankhwala sakanafika pa nthawi yoti n'kumupulumutsa. Ndi chigamulo chowawa, koma funso lake ndi lomwe mudzafunsidwe inunso: akanachita bwino, kodi zinthu zikanasintha?

Pali zolakwa zina zimene zimadzichitira umboni zokha: thonje kapena sizasi kutsala m'mimba, kudula chiwalo cholakwika, kuika munthu magazi a gulu losagwirizana ndi lake. Zikatere, achipatala ndi amene amayenera kufotokoza kuti zinatheka bwanji popanda kusasamala.

Zinthu ziwiri zisakubwezeni m'mbuyo. China ndi fomu imene munasaina musanalowe kufiyeta. Munavomera opaleshoni ndi ngozi zake zodziwika, simunavomere kuti akuchiteni mosasamala. Ndipo ngati anakuchotsani chiwalo kapena kukutsekani kubereka osakufunsani, pamene sipanali ngozi yofuna kupulumutsa moyo msangamsanga, imeneyo ndi nkhani payokha. Chinacho ndi chisoni chimene ambiri timamvera namwino amene anali yekha usiku ndi wodi yodzaza. Chisonicho n'choyenera, pakuti anthuwa amagwira ntchito movutika zedi, nthawi zina popanda magolovesi, magazi kapena mafuta a ambulansi. Koma pa mlandu wa chipukuta misozi amene amayankha kawirikawiri ndi wolemba ntchito, ndiye kuti boma, khonsolo, mpingo kapena mwini chipatala. Mukasuma simukulanda malipiro a namwino uja, mukufunsa amene anamusiya yekha.

Chachisanu, sankhani khomo logwirizana ndi chimene mukufuna

Banja likhale pansi lifunsane: tikufuna kufotokozeredwa ndi kupepesedwa, tikufuna wolakwayo alangidwe, kapena tikufuna ndalama zosamalira wovulala ndi ana otsala? Makomo ake ndi osiyana, ngakhale mukhoza kugogoda angapo.

Pafupi kwambiri pali Hospital Ombudsman, munthu wolandira madandaulo amene amapezeka m'zipatala zambiri za boma ndi za mishoni kuchokera mu 2018. Salipiritsa, ndipo amathandiza pa nkhani za mwano, kubwezedwa osathandizidwa, kuitanitsidwa ndalama pa chithandizo chaulere, kapena kukukumanitsani ndi akuluakulu a chipatala. Kumudzi kulinso komiti ya chipatala. Pamsonkhano uliwonse wotere pitani awiri, wina azilemba. Kumbukirani kuti ofesi ya Hospital Ombudsman ili m'kati mwa chipatala momwemo, ndiye pa nkhani ya imfa kapena kulumala musathere pomwepo.

Ngati dandaulo ndi la dokotala, kiliniko ofesa, medikolo asisitanti kapena wa mano, lembani ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Anamwino ndi azamba ali ndi lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi, pamene nkhani za mafamase ndi mankhwala oipa zimapita ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mabungwewa amafufuza, amatha kuchenjeza munthu, kumuimitsa kapena kumufufuta m'kaundula. Cholinga chawo ndi mwambo wa ntchito, ndalama musayembekezere kumeneko, koma zimene apeza zikhoza kumuthandiza loya wanu. Ku Medical Council mungafunsenso ngati amene anakuthandizani pakiliniki yolipira ali m'kaundula n'komwe.

Ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira madandaulo mwaulere, ndipo amathandiza kwambiri pamene vuto silili la munthu mmodzi koma la kayendetsedwe ka chipatala chonse. Apolisi amalowapo pamene kunyozerako kwafika poipitsitsa, monga munthu kugwira ntchito ataledzera kapena wopanda chiphaso kuchita opaleshoni. Koma amene ali ndi mphamvu yeniyeni yolamula chipukuta misozi chokwanira ndi khoti.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani masiku

Kumudzi timati mlandu suola, koma kukhoti umaola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu zokha zoyambitsira mlandu wa kuvulala kobwera chifukwa cha kusasamala. Ngati mukusumira boma, pali lamulo linanso lofuna kuti mupereke chidziwitso cholembedwa ku ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma, n'kudikira miyezi itatu musanatsegule mlandu. Miyezi imeneyo muichotseretu pa nthawi yanu. Msampha umene umakola ambiri ndi uwu: kudandaula kwa Hospital Ombudsman kapena ku Medical Council sikuimitsa masiku a kukhoti. Munthu amadikira yankho chaka chimodzi, chachiwiri, akuuzidwa kuti "tikufufuzabe", pofika kwa loya n'kupeza nthawi yatha. Ana aang'ono lamulo limawapatsa mpata wina, koma zimenezo akakuuzeni ndi loya ataona mapepala anu. Inu onanani naye chaka choyamba chisanathe.

Chachisanu ndi chiwiri, loya ndi ulendo wa kukhoti

Ngati mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa. Ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo amayamba aona kapezedwe kanu ndi kulimba kwa nkhaniyo. Mukasankha loya wolipira, tsimikizani ku bungwe la maloya la Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo pewani madobadoba ozungulira m'zipatala ndi m'makhoti amene amalonjeza kuti akupezerani loya. Za malipiro mugwirizane polemba musanayambe: adzatenga zingati, liti, ndani alipire dokotala wodzachitira umboni, ndipo chidzachitike n'chiyani mukaluza, pakuti woluza akhoza kulamulidwa kulipira zimene mnzake wawononga pa mlanduwo. Mapepala enieni sungani nokha, loya mumupatse mafotokope mpaka atafunika kukhoti.

Loya ndi amene adzasankhe womusumira. Pa zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central, mlandu umalunjika kwa Attorney General. Chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) kapena cha munthu payekha chimayankha kudzera mwa eni ake. Zikalata zikaperekedwa ku High Court, mbali inayo imayankha, kenako malamulo a khotilo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yapita pa zokambirana pamaso pa jaji. Musazione ngati kugonja. Mukagwirizana pamenepo mwapulumutsa zaka. Zikakanika mlandu umamvedwa, mboni zimafunsidwa, ndipo mukapambana kuchuluka kwa ndalama nthawi zambiri kumawerengedwa padera ndi rejisitala wa khoti.

Powerengapo amaona ululu umene mwadutsamo, zimene simungathenso kuchita pa moyo wanu monga kubereka, kulima kapena kuyenda bwino, zipsera ndi kupunduka, ndalama zimene mukanapeza mukanakhala wathanzi, ndi zimene mwawononga. Zowonongazi zimafuna umboni wa lisiti, n'chifukwa chake timapepala tija tisatayike. Munthu akamwalira, amene ankadalira iye, monga mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo, akhoza kupempha chipukuta misozi cha thandizo limene ataya. Konzani msanga zikalata za imfa, umboni wa zimene malemu ankapeza, ndi mayina ndi zaka za ana. Banja lisankhe munthu mmodzi woimirira mlandu, ndipo zoti ndalamazo ndi za ana ndi wamasiye zinenedwe poyera ndalama zisanabwere.

Konzekerani kudikira. Milandu yotere imatenga zaka, ndipo ngakhale mutapambana, boma limachedwa kulipira. Muzipita kwa loya wanu kukafunsa pamene zafika, ndipo nambala ya mlandu muidziwe kuti muzitha kukafunsa nokha kukaundula wa khoti.

Pa nthawi yonseyi ugwireni mtima pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kutchula dzina la namwino kapena kumwaza chithunzi chake n'kumutcha wakupha kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo zimene mwalemba mutakwiya zikhoza kudzawerengedwa kukhoti motsutsana nanu. Ngati mukufuna atolankhani, funsani loya kaye. Wina wa kuchipatala akabwera mwakachetechete ndi envelopu kuti "tithane pachibale", kapena akakupatsani pepala loti musaine kuti nkhani yatha, musasaine tsiku lomwelo. Pemphani fotokope ya pepalalo, mupite nayo kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau akakuwerengereni, chifukwa mukasaina kuti mwalandira zonse, khoti likhoza kukana kudzakumveraninso ngakhale vutolo litakula pambuyo pake.